Bakha wathu sadziwa Chingerezi

"Amayi, kodi Abwana ndi osalankhula?"

Ndinali pakhonde ndikusankha mpunga. Mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka 7, anali atanjuta pafupi ndi mpopi, buku lili pamaondo, maso ali pa bakha amene ankavundula matope ndi mlomo ngati wataya ndalama m'menemo. Nditamufunsa chimene wafunsira choncho, anatembenuza bukulo n'kundilozera bakha woyera mbee, mlomo wachikasu uli yasa, pamwamba pake atalembapo zilembo zikuluzikulu za kulira kwake, kuja timati kwak kwak. "Uyu amalankhula. Wathuyu amangong'ung'udza basi."

Sankanama. Chibwerere pakhomo pathu, Abwana anali asanalirepo ngati bakha wa m'buku. Akakondwa ankangotulutsa kamawu kakang'ono kapakhosi, kovuta kukamva ngati wailesi ili yotsegula. Bakha wamwamuna wa aneba ndiye ankangoti hhaa hhaa, mutu ukupita kutsogolo ndi kumbuyo, ngati munthu amene wakwera phiri la Zomba wapansi ndipo befu wamugwira. Tsiku limenelo ndinalibe yankho. Ndinangoti mwina wathuyu sadziwa Chingerezi, iye n'kuseka, koma ndinaona kuti sanakhutire.

Mabukuwo analipo atatu. Ndinawagula kwa mnyamata wina amene amayala mabuku akale pansi kufupi ndi msika, pakati pa mabuku a Fomu 4 ong'ambika zikuto ndi magazini ophunzitsa kuluka majuzi. Kugula buku la ana pamenepo n'chimodzimodzi kutola kaunjika: sunena chimene ukufuna, umatenga chimene chatuluka m'belo. Mwezi umenewo belo linatulutsa abakha. Nkhani zake zinali zosiyana koma zonse zinkadutsa njira imodzi. Mwana wapeza kabakha, wakakonzera pogona m'katoni pafupi ndi bedi lake, wakasambitsa m'bafa, kakumutsatira kulikonse, akakaitana kakubwera, tsamba lomaliza onse akumwetulira.

Sindiwanyoza mabukuwa ayi. Ndi amene anachititsa kuti mwana wanga asiye kuopa Chingerezi. Buku la zithunzi lili ndi mphamvu yake imene ife akuluakulu timaiderera chifukwa timawerenga mawu okha. Pa tsamba pali mawu osakwana khumi, ine ndatha kale, ndikufuna kutsegula lina, koma iye wagwira tsambalo ndi chala, akundionetsa mphaka amene wabisala kunsi kwa mpando, amene mawu aja sanamutchule n'komwe. Mwana amawerenga chithunzi. Ndipo chimene ndinadzazindikira pambuyo pake n'chakuti amachikhulupirira chithunzicho kuposa mmene amakhulupirira mayi ake.

Kenako kunayamba kulira kofuna bakha. M'mawa bakha, madzulo bakha. Bambo ake anati nkhani za ziweto n'za kumudzi, choncho Lamlungu lina anamupatsa foni kuti alankhule yekha ndi agogo ake, apongozi anga, amene amakhala cha ku Jali ndipo aweta abakha moyo wawo wonse.

"Bakha wa chiyani, mwanawe? Wa Khirisimasi?"

"Ayi agogo, wosewera naye."

Kuseka kwawo tonse tinakumva ngakhale foni inali pakhutu la mwana. "Kusewera ndi ndiwo?"

Komabe anabwera nako. Mu Juni, pa minibasi, m'kadengu kophimba ndi chitenje, kabakha ka masabata atatu, kachikasu pamimba, kakuda pamsana. Mwana anakapatsa dzina tsiku lomwelo ataona kayendedwe kake, chifuwa patsogolo, matako uku ndi uku, osapatukira munthu. Abwana. Agogo anangopukusa mutu, koma asananyamuke anamuitanira pambali n'kumuuza kuti, "Dzina ndi la uyu yekhayu, wamva? Akadzachuluka usadzatchule ena." Ine sindinaganizirepo kanthu za mawu amenewo.

Ngozi yoyamba inabwera tsiku lachitatu. Amene mukuidziwa Zomba mu Juni mukudziwa chiperoni chake, kamvula kosaoneka koma kolowa m'mafupa. Ndinabwera kuchokera kuntchito n'kupeza mwana ali kuseri, akulira mosatulutsa mawu, beseni lochapira lili lodzaza madzi, kabakha kali m'manja mwake katanyowa chonchi ngati kansanza. Ubweya wonse unali utamatirira pakhungu, khosi lili lende, maso ali otseka, miyendo yozizira ngati yachitsulo. Anali atakasiya m'madzimo nthawi yaitali chifukwa poyamba kankaoneka kokondwa, ndipo beseni linali loterera, sikakanatha kutulukamo kokha. "M'buku amasamba, amayi. Amasamba m'bafa." Sindinamukalipire, nthawi yake panalibe. Tinakapukuta ndi thaulo, tinakakulunga m'mpango wanga, ndinakaika pachifuwa m'kati mwa juzi uku mwana akukupiza mbaula. Panapita pafupifupi ola kuti ndimve kakugwedezeka, kenako tizikhadabo tikundikanda.

Apongozi nditawauza anati chimenecho mwana aliyense wa kumudzi amachidziwa: kabakha kopanda mayi sikasamba. Bakha ali ndi kachotupa pamwamba pa mchira kotulutsa mafuta, ndipo mukamuona akupotoza khosi n'kumadzikanda ndi mlomo kumbuyoko, ndiye kuti akutenga mafutawo kuti adzoze nthenga. Nthenga zoyalana bwino ndi mafuta amenewo ndi zimene zimachititsa kuti madzi azingotsetsereka. Kamwana kamakhala ndi ubweya chabe, ndipo kakamagona kunsi kwa mayi ake kamatengerako mafuta, kakazizidwa kamathawira komweko kukafunda. Kathu kanalibe kothawira. Wojambula buku lija anajambula tsamba la m'bafa, lokongola zedi, thovu ndi zonse. Tsamba la thaulo ndi mbaula sanalijambule.

Chokhumudwitsa chachiwiri chinali chakuti Abwana sankamutsatira. Mwana ayende apa, acheuke, bakha ali uko akuthamangitsa ntchentche. Apa ndiye ndinalowa pa intaneti usiku wina, n'kukumana ndi dzina la Konrad Lorenz, katswiri wa ku Austria amene anafufuza khalidwe la nyama mpaka kulandira mphoto ya Nobel mu 1973 pamodzi ndi anzake awiri. Pali zithunzi zake akuyenda m'munda, ana a atsekwe ali pamzere pambuyo pake ngati ana a sukulu ya mkaka. Chimene iye anafotokoza n'chakuti mwana wa tsekwe kapena wa bakha akangotuluka m'dzira, chinthu choyamba choyenda chimene wachiona amachiyesa mayi ake, kaya ndi bakha, nkhuku kapena munthu wandevu. Koma mpata wake ndi waufupi, tsiku loyamba kapena lachiwiri, ukadutsa wadutsa. Abwana anabwera ali ndi masabata atatu, atadziwa kale kuti mayi awo ndi bakha wa ku Jali. Ndiye kuti m'mabuku aja, mwana amene bakha akumutsatira sanamuphunzitse kanthu. Anangopezeka pamalopo dzira likusweka.

Ndinamufotokozera zimenezi m'mawu oti amve. Anakhala chete, kenako anafunsa ngati ndiye kuti basi, palibenso chimene bakhayo angaphunzire.

Chilipo, ndipo anachipeza yekha. Anaona kuti ndikamatsuka mapoto kuseri, Abwana amabwera akuthamanga chifukwa amadziwa kuti kugwa makoko a nsima. Ndiye anatenga chitini chakale cha mkaka ndi supuni, ndipo nthawi iliyonse asanaike chakudya ankayamba wagogoda: ngo ngo ngo, katatu. Osagogoda popanda chakudya, osapereka chakudya popanda kugogoda. Lamulo limeneli analiika yekha ndipo tonse ankatilondera nalo. Bambo ake anadzudzulidwa kangapo chifukwa choponyera bakha nyenyeswa za buledi osagogoda chitini. Sabata isanathe, kungomveka ngo ngo ngo, Abwana ankatulukira kulikonse kumene ali, khosi lili patsogolo, mapiko atatambasuka pang'ono. Atazolowera zimenezo, mwana anayamba kugogodera m'khola dzuwa likamalowa. Patapita mwezi, chitini sichinkafunikanso madzulo. Mdima ukangoyamba, bakha ankakhala ataima kale pakhomo pa khola kudikira womutsekera.

Ndimakumbukira nkhope ya mwanayo tsiku limene anaitana anzake a m'mpanda mwathu kuti adzaone. Anawaimika pamzere, anawauza kuti akhale chete, anagogoda. Palibe tsamba la m'mabuku atatu aja limene linali ndi kunyada koteroko, chifukwa m'mabukumo zonse zimachitika ukangotsegula tsamba lina. Masiku obwerezabwereza chinthu chimodzi, masiku amene bakha sanabwere chifukwa anali atakhuta chiswe, zimenezo mulibemo.

Chimene chinakanika ndi zitosi. Ndinene mosapita m'mbali: bakha saphunzira chimbudzi. Thupi lake silinapangidwe kuti lizisunga, chikafika chafika, ndipo chimafika pafupipafupi, chamadzimadzi, chonunkha. Maloto ogona ndi bakha kuchipinda anatha usiku woyamba womwe. Khonde limene ndinkalikolopa kamodzi patsiku linayamba kufuna katatu, mpaka alandilodi anabwera kudzaima pampanda manja ali kumbuyo, n'kufunsa mwaulemu ngati tayamba ulimi. Kuyambira pamenepo tsache ndi ndowa zinakhala za mwini bakha, m'mawa asanapite kusukulu ndi madzulo akabwerako. Analira masiku awiri, lachitatu anazolowera. Ndinaletsanso zija za m'buku zopsompsona bakha pamutu, popeza nkhuku ndi abakha amatha kunyamula tizilombo ta salmonella iwo ali bwinobwino, mwana n'kutsegula m'mimba. Sopo anapeza malo ake pamwala wa pampopi.

Panalinso nthawi imene miyendo ya Abwana inayamba kufooka, akayenda pang'ono n'kukhala pansi. Mlangizi wina wa ziweto amene timapemphera naye anafunsa chimene tikudyetsa, tinati madeya. Madeya okha? Eya. Anati ana a bakha amafuna vitamini wotchedwa niacin wochuluka kuposa anapiye a nkhuku, ndipo chimanga chokha sichikwanitsa. Kumudzi bakha amadzipezera yekha nyongolotsi, nkhono ndi msipu, koma wathu anali m'mpanda wa simenti. Tinayamba kusinja mitu ya usipa n'kusakaniza ndi madeya onyowetsa, kuduliramo bonongwe ndi masamba a mpiru otsala, ndipo mwana ankapita ndi kachitini kukafukula chiswe. Anatiuzanso kuti madzi akumwa azikhala akuya moti mlomo wonse umire, chifukwa bakha amatsukiramo mphuno zake ndipo amameza chakudya ndi madzi. Miyendo inalimba.

Tsono funso lija la pakhonde linabwera Abwana atakula, nthenga zakuda ndi zoyera zitamera, kumaso kutayamba kutuluka timatuza tofiira. Mwana anali atayamba kale kuchita nazo manyazi pang'ono. Wa m'buku woyera, wosalala, wolankhula. Wake wamawangamawanga, wa nkhope ngati wapsa ndi madzi otentha, wosalankhula. Ndinaona kuti m'mutu mwake mukumera ganizo lakuti bakha weniweni ndi wa m'buku, wathuyu ndi wolakwika penapake.

Yankho lake n'lakuti ndi mbalame ziwiri zosiyana. Bakha woyera wa mlomo wachikasu amene wadzaza m'mabuku a ana a ku Ulaya ndi ku America nthawi zambiri ndi wa mtundu wa Pekin, wochokera ku China, amene anafika ku America m'zaka za m'ma 1870. Iyeyo ndi mitundu ina pafupifupi yonse ya abakha oweta anachokera kwa bakha wam'tchire wotchedwa mallard, ndipo ngakhale kumeneko amene amalira mokweza ndi wamkazi, wamwamuna mawu ake ndi osasa. Bakha wa m'midzi mwathu muno, wa nkhope yofiira uja, azungu amamutcha Muscovy, dzina lonamiza chifukwa alibe ubale ndi Moscow. Kwawo ndi ku Mexico mpaka kutsikira ku South America, kumene anthu ankamuweta kale Columbus asanafike mu 1492, ndipo kumaiko ena anafikako pa zombo za amalonda. Ndi mbalame yogona m'mitengo, n'chifukwa chake ali ndi zikhadabo zakuthwa zija ndipo wamkazi amauluka mpaka padenga. Mitundu iwiriyi ndi yotalikirana moti mukaikweretsa, ana ake amabadwa koma iwo sabereka, ngati bulu wosakanizidwa ndi hatchi.

Nditamuonetsa Brazil pa mapu a m'buku la mchimwene wake, anafunsa ngati Abwana akudziwa kuti kwawo n'kumeneko. Ndinati ndikukayika. Koma kuyambira tsiku limenelo anasiya kupepesa anzake chifukwa cha nkhope yofiira.

Mvula itayamba, Abwana anayamba kusowa masana. Tinawapeza kuseri kwa matumba a makala, atayala nthenga zofewa za pachifuwa pawo, kunsi kuli mazira. Abwana anali amayi! Dzina silinasinthe. Bambo wa anawo sitinachite kufunsa, anali wabefu uja wa aneba, amene kukula kwake kunali pafupifupi kawiri kwa wathu ndipo ankadutsa pampanda ngati ndi pake. Mazira anafika 12, kenako kufungatira kunayamba. Limodzi mwa mabuku aja linali ndi tsamba lakumapeto la makolo, ndipo linanena kuti dzira la bakha limaswa pakatha masiku 28. Mwana anatenga cholembera n'kumadula tsiku lililonse pa kalendala ya kutchalitchi imene ili pabalaza. Tsiku la 28 anadzuka usikusiku. Palibe. La 29, la 30, palibe. La 31 anabwera kwa ine maso ali ofiira, akuti mazira aola, tiwataye kuti Abwana apume chifukwa anali ataonda. Ine ndinatsala pang'ono kuvomera. Buku linali litanena.

Tinaimbira agogo.

"Musakhudze! Ndani wakuuzani zimenezo? Nkhuku ndiye masabata atatu. Bakha ndi mwezi ndi sabata."

Tsiku la 35 m'mawa tinamva tiana tikulira kuseri kwa makala. Buku silinaname, masiku 28 ndi a bakha wake uja. Wathuyu ndi 35, ndipo agogo amene sanawerengepo buku la abakha ndi amene anapulumutsa mazirawo. Anaswa 9.

Pali mawu amene akuluakulu amakonda kunena podzudzula kholo losasamala, akuti usalere ana ngati bakha, amene amayenda patsogolo ana ali pambuyo, kabawi n'kumatola mmodzimmodzi iye osadziwa. Ndinakula ndikuwamva ku zilangizo ndi kumaliro, koma ndinadzawaona ndi maso pabwalo panga. Abwana patsogolo, chifuwa chili nga, tiana tili mndandanda. Tsiku lina masana kunangodutsa mthunzi, tiana tinatsala 8. Mawa lake 7. Mwana analira kuposa tsiku la beseni lija, kenako anakokera bambo ake ku msika kukagula waya, ndipo Loweruka lonse linathera pa kumanga kampanda kophimba pamwamba.

Pa tchuthi chotsatira ndi pamene anayamba kulemba buku lake. Sindinamutume. Anatenga kope la masamba 40, makrayoni otsala a chaka chatha, n'kundiuza kuti akufuna buku la Abwana loti msuweni wake wa zaka 4 aziwerenga akabwera. Analemba m'Chichewa, osati chifukwa cha mfundo ina iliyonse, koma chifukwa sankadziwa kuti madeya, chiswe ndi kabawi pa Chingerezi amati chiyani. Tsamba loyamba agogo akutsika minibasi ndi dengu. Lachiwiri beseni. Lachitatu ine ndili ndi chotupa pachifuwa m'kati mwa juzi, mbaula ili pambali, ndipo anandijambula ndi mutu waukulu kuposa thupi. Pali tsamba lathunthu la zitosi, timadontho tobiriwira pakhonde ponse ndi munthu wamtali ataima pampanda manja ali kumbuyo. Pali kalendala ndi timitanda 35, anatiwerenga kawiri. Pa tsamba la bakha wa aneba tinakangana kalembedwe ka kulira kwake, iye akuti ma h akhale atatu, ine ndikuti awiri akwana. Anapambana.

Atafika pa kabawi ndinamuuza kuti mwina tsamba limenelo alidumphe, msuweni wakeyo ndi wamng'ono. Apa ndinadzigwira ndekha ndikuchita chimodzimodzi chimene ndakhala ndikudandaula nacho pa mabuku aja, kuchotsa tsamba lopweteka kuti lotsala likongole. Iye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Nanga akadzafunsa kuti awiri aja apita kuti?" Anajambula mbalame yaikulu yakuda, mapiko ofika m'mphepete mwa pepala monse, ndi kanthu kachikasu kumapazi kwake.

Pa foni yanga timawerenganso nkhani za pa African Storybook, tsamba limene bungwe la Saide la ku South Africa linayambitsa kuti ana azipeza nkhani za zithunzi kwaulere m'zilankhulo za mu Africa muno, Chichewa chili momwemo, ndipo aliyense angathe kulembapo yake. Ndinamuuza kuti tsiku lina tidzajambule masamba a kope lija n'kuwaika pamenepo. Anati ayi kaye, silinathe.

Linatha mu Disembala. Mwa ana 7 aja, anayi anali aamuna, atakula mpaka kuposa mayi awo, akumenyana tsiku ndi tsiku, madeya a sabata akutha masiku atatu. Awiri tinagulitsa, ndalama yake inagula nsapato za kusukulu ndipo mwini wake anakasankha yekha. Apongozi atabwera kudzadya nafe Khirisimasi, bambo ake anatenga mpeni n'kupita kuseri ndi mmodzi. Mwana anadziwa kuyambira dzulo lake, tinamuuza. Sanalire, anangolowa kuchipinda mpaka nthenga zitatayidwa. Pa chakudya anakana nyama, anati adya mpunga ndi kabichi. Koma ndikuchotsa mbale ndinaona kuti mbali ina ya mpunga wake inali yofiirira ndi msuzi, ndipo agogo ake, amene anakhala naye moyandikana, anali atayang'ana kudenga.

Usiku umenewo ndinapeza kope lili pampando, lotsegula pa tsamba lomaliza. Anajambula poto wamkulu pambaula, utsi ukukwera, anthu asanu atazungulira mphasa, ndipo pakona, patali ndi motowo, Abwana ali ndi nkhope yawo yofiira pafupi ndi chitini ndi supuni. Kunsi kwa poto analemba ndi krayoni wakuda, zilembo zopendekera kumanja: "Uyu analibe dzina."